Ndinamangira Ababa Chipinda Pamakande

Inu owerenga, ine ndinapweteka bambo anga ondibereka ndi ntchito ya manja anga. Anthu a kuno kwa Mponda akamakamba za imfa yawo amati unali ukalamba, ena amati linali tsiku lawo basi. Sinditsutsa kuti tsiku la munthu amalemba ndi Mwini wake. Koma chimene chinawagwetsa ndikuchidziwa, chifukwa ndinachimanga ndine, ndipo ndinachenjezedwa ndisanayambe.

M'banja mwathu tinabadwa amuna awiri. Achimwene anga aakulu anapita ku Joni kalekale monga amachitira amuna ambiri a kuno. Ine ndinatsala, n'kupeza ntchito pa loji ina cha ku Makokola yokonza zowonongeka. Mpope ukadontha, loko ikafa, denga likayamba kuthonya, amaitana ine. Ababa anali msodzi moyo wawo wonse, ndipo ankakhala chikamwini kumudzi kwa amayi cha ku Nkhudzi. Amayi atamwalira, akuchikazi sanawathamangitse ayi, koma munthu umadzionera wekha kuti malo ako pano atha. Ndinakawatenga kuti tizikhala nawo. Nyumba yanga ndi ya zipinda ziwiri, ana ndili nawo anayi, ndiye ababa ankagona pabalaza. M'mawa uliwonse ankapinda mkeka wawo n'kuuimika pakona ngati mlendo wongodutsa.

Pali chinthu chimene ndiyenera kuulula pano, chifukwa popanda icho simungamvetse uchitsiru wanga. Ndinali ndi nsanje ndi achimwene. Iwo akatumiza bulangete kapena foni, ababa ankapita nazo kumzikiti kukaonetsa anzawo. Ine amene ndinkawakweza panjinga kupita nawo kuchipatala, kuwameta, kuwawenga zikhadabo, dzina langa silinkamveka pakamwa pawo. Ndinkaseka nawo, koma mumtima zinkandidya.

Chaka chimene ababa ankagona pabalazacho, eni loji anamanga tizipinda tatsopano m'munda wa maluwa. Sanamange ndi njerwa koma ndi mapanelo. Panelo ndi matabwa awiri aakulu opyapyala, pakati atamatapo fomu yoyera ija amatchinjirizira filiji yatsopano m'katoni. Amabwera odulidwa kale, inu mumangoimika n'kulumikiza, masiku awiri khoma laima. M'kati mwake mumakhala mozizira bwino ngakhale dzuwa liswe mtengo. Abwana anandiika kuti ndizithandiza amisiri amene anabwera ndi mapanelowo, koma ndinayamba nawo pansi atathira kale konkire. Ndinaona makoma akuimikidwa, ndinaona denga likukhomedwa, ndinaphunzira zonsezo bwinobwino. Zimene zinali pansi pa konkire sindinazione, ndipo sindinafunse. Ndinkadziona ngati ndadziwa ntchito yonse.

Ntchito itatha panatsala mapanelo angapo, ena ophwanyika m'makona, ndipo abwana anandilola kuwatenga. Anali okwanira kachipinda kamodzi. Sabata yomweyo achimwene anaimba foni kuti akubwera kumapeto kwa Okutobala kudzakhala nawo pa sadaka ya amayi, atatha zaka zisanu ndi chimodzi osaponda kuno. Kunali kutatsala masabata awiri ndi theka. Ndinatsimikiza mumtima kuti akadzafika adzapeze ababa ali m'chipinda chawochawo kuseri kwa nyumba yanga, chipinda chimene munthu wina aliyense kwa Mponda alibe.

Pafupi nafe pamakhala Che Saidi, mmisiri wachikulire, mnzawo wa ababa wa kumzikiti. Iwo anali m'gulu limene linakumba ndi kumanga maziko a tizipinda ta ku loji tija. Ndinawaitana kuti adzandithirire konkire. Anabwera m'mawa ndi njinga yawo, anazungulira malowo, kenaka anatola bango n'kulilowetsa mumng'alu wa nthaka. Bangolo linalowa mpaka kufika pamene anagwira. Anandiuza kuti pamenepo ndi pamakande, nthaka yakuda imene chilimwe imauma gwa n'kung'ambika, dzinja n'kumwa madzi n'kufufuma. Anati tiyenera kukumba mpaka tipeze nthaka yolimba, ngakhale dzenje lifike m'chiuno, ndipo njerwa za maziko zikwere mizere inayi pamwamba pa bwalo kuti madzi a mvula asamafike pa thabwa. M'kati tithire miyala n'kusinja, tipopere mankhwala a chiswe, tiyale mchenga, pamwamba pake pulasitiki yakuda yokhuthala yotchinga chinyezi. Kenaka tiyale fomu yolimba monga anachitira ku loji, kuti kuzizira kwa nthaka kusamakwere, ndiye pomaliza waya ndi konkire. Konkireyo tizimuthirira madzi kwa masiku ambiri asanasenze kanthu. Zonse pamodzi anati ndi mwezi wathunthu.

Mwezi ndinalibe. Ndinawauza kuti izi si njerwa, panelo amanyamula anthu awiri okha, ndiye maziko akuya choncho ndi a chiyani. Iwo anandiyankha mofatsa.

"Mwana wanga, kupepuka kwa khoma sikuletsa nthaka kuyenda. Ndiponso thabwa ndi madzi ndi adani. Dikira, mkulu wako adzachiona ulendo wina."

Mawu akuti ulendo wina ndi amene anandipsetsa mtima, chifukwa anandigwira pachilonda. Ndinawauza kuti nzeru zawozo ndi za nthawi ya nyumba zamdindo, zinthu zamakonozi azisiyira ife. Ndinanena zimenezi kwa munthu wamsinkhu wa bambo anga, akazi anga akumva pakhonde. Che Saidi sanaonetse mkwiyo. Anangokwera njinga yawo n'kunena kuti, "Chabwino, a injiniya."

Ndinagwira ntchitoyo ndekha, pothandizidwa ndi mnzanga mmodzi wa kuntchito. Tinalambula udzu, tinakumba kuya kwa khasu limodzi, tinazunguliza mzere umodzi wa njerwa, n'kuthira konkire wokhuthala zala zinayi pa dothi lenileni. Mwala sitinaike, pulasitiki sitinayale, mankhwala a chiswe sitinapopere. Fomu imene ikanalowa pansi ndinaiona ngati yongotaya, popeza palibe amene adzaione. Patapita masiku awiri, konkire akadali wamuwisi, ndinakhazika mapanelo pamwamba pake, thabwa kukhudzana ndi simenti popanda chotchinga chilichonse. Ndinakhoma malata, ndinaika zenera ndi chitseko, ndinapaka penti woyera kunja, wobiriwira m'kati. Chinaoneka chokongola, zimenezo sindinama.

Achimwene atafika anachizungulira kawiri, akugogoda makoma, akujambula ndi foni. Tsiku la sadaka anthu ankalowa awiriawiri kukamva kuzizira kwa m'katimo, kunja dzuwa likuotcha. Ababa anakhala pakhomo pa chipindacho atavala mkanjo wawo woyera, ndipo aliyense wobwera kudzawapatsa moni ankamulozera ine, n'kumati wamng'onoyu ndiye wandimangira. Inu owerenga, ndinadikira mawu amenewo zaka zambiri. Tsiku limenelo ndinayenda ngati mapazi sakugunda pansi. Che Saidi analipo, anadya mpunga wawo, anapemphera nafe, koma m'chipindamo sanalowe.

Achimwene anabwerera ku Joni, ndipo mvula inayamba mu Disembala. Woyamba kuona vuto anali akazi anga, popeza ndiwo ankasesa m'chipindamo. Anandiuza kuti akanyamula mkeka wa ababa akupeza pansi pali ponyowa, simenti ikuchita thukuta, ndipo m'katimo mwayamba kununkha chuku. Ndinawayankha kuti simenti yatsopano imatero. Ndinagula kapeti ya pulasitiki ya maluwamaluwa n'kuyala chipinda chonse. Chinyezi chinasowa m'maso, koma ukaponda opanda nsapato kuzizira kwake kunkalasa mpaka m'mawondo.

Chaka chatsopano chitangolowa, m'munsi mwa makoma munayamba kufufuma ndi kuda. Ndinapala n'kupakanso penti. Chitseko chinayamba kukhula pansi, ndinachichotsa n'kuchipala. Patapita masabata awiri chinayambanso, ndinachipalanso. Nditanyamula kapeti tsiku lina ndinapeza mng'alu wochokera pakhomo mpaka pakati pa chipinda, mbali ina itakwera kuposa inzake. Ndinaumata ndi simenti n'kubwezerapo kapeti msangamsanga. Ntchito zonsezi ndinkazigwira ababa akapita kumzikiti, ndipo ndinkayang'ana kumsewu kaye kuti Che Saidi asandione. Ine ndimakonza zinthu tsiku ndi tsiku kuntchito. Ndinkadziwa bwino kuti chitseko chikayamba kukhula kawirikawiri, vuto silili pachitseko.

Tsiku lina akazi anga anandikokera m'chipindamo, n'kukanikiza chala m'munsi mwa khoma la kumbuyo. Chalacho chinalowa, ndipo munatuluka chiswe. Anandipempha kuti ababa abwerere pabalaza mpaka mvula ithe. Ndinakana. Ndinati anthu onse aja anadzaona chipindachi adzati chiyani, Che Saidi adzati chiyani, nanga nkhani ikafika ku Joni. Iwo anandiuza kuti ababa akutsokomola ndipo mawondo akuwawawa. Ndinati nkhalamba iliyonse imatsokomola nthawi ya dzinja. Kuti ndiwatseke pakamwa ndinapita nawo kwa ababa n'kuwafunsa ngati m'chipindamo muli vuto. Ababa anandiyang'ana, anayang'ana mpongozi wawo, n'kunena kuti, "Ndili bwino, mwanangu. Chipinda chabwino." Ndinatembenukira kwa akazi anga ngati munthu wopambana mlandu.

Taganizani, munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, amene ankaswali, kupemphera mogwada kasanu patsiku, mawondo ndi chipumi pansi pamenepo, n'kugonanso pomwepo pa matiresi opyapyala. Bedi ankalikana kuyambira kale, ankati limawapweteka msana. Zimenezi ndinkazidziwa pamene ndinkasiya pulasitiki ndi fomu.

Mu Febuluwale kunagwa mvula ya masiku atatu osalekeza, madzi anaima pabwalo mpaka kufika pa mzere wa njerwa uja. Lachisanu kunacha bwino. Ine ndinapita kuntchito, ana kusukulu, akazi anga kuchigayo. Chakumasana ababa anavala kuti azipita kumzikiti ku swala ya Ijumaa, koma chitseko chinakana kutseguka, chifukwa mbali imodzi ya chipinda inali itatitimira ndipo felemu inapindika. Anakoka, anakokanso ndi mphamvu zawo zonse za usodzi zija. Thabwa limene munalowa mahinjesi linali litaola, ndiye chitseko chinazuka mwadzidzidzi. Anabwerera chambuyo, chidendene chinakodwa pa mng'alu uja ndinaubisa ndi kapeti, n'kugwa chagada chitseko chili pamwamba pawo.

Anagona pansi ponyowapo kwa maola pafupifupi awiri. Anaitana, koma oyandikana nafe onse anali kumzikiti. Amene anawapeza ndi Che Saidi. Ataona kuti malo a ababa pamzere woyamba ali opanda munthu, swala itangotha anabwera molunjika kunyumba. Ndiwo anachotsa chitsekocho, ndiwo anapeza galimoto, ndiwonso anandiimbira foni. Sananene mawu ambiri. Anangoti ndipite kuchipatala msanga, ababa agwa.

Adokotala anatiuza kuti fupa la m'chiuno lathyoka, komanso ababa ali ndi chibayo chimene chakhalitsa, moti sangawachite opaleshoni mpaka chifuwa chipole. Anafunsa kuti kodi munthuyu amagona malo otani. Ine ndinayang'ana pansi. Akazi anga anandiyang'ana.

Ababa ndinawadikirira m'chipatalamo masabata asanu. Tsiku lina masana, ndikuwamwetsa phala, ndinalimba mtima n'kuwafunsa chifukwa chimene sanandiuzire kuti pansi pakunyowa. Anapuma kaye, popeza kulankhula kunali kovuta. Anandiuza kuti anadziwa kuyambira mvula yoyamba. Ankayala masaka pansi pa matiresi, ine ndikapita kuntchito n'kumakawayanika kuseri kwa khitchini, ndipo anawapempha akazi anga kuti asauze achimwene pafoni.

"Ndinaona mmene unasangalalira tsiku la sadaka lija. Chibadwire sindinakuonepo choncho. Ndikanadandaula, mkulu wako akanamva, iwe ukanachita manyazi."

Inu owerenga, kunali bwino akanandikalipira. Ine ndinkabisa ming'alu kuti nditeteze dzina langa, iwonso ankabisa kunyowa kuti ateteze dzina langa lomwelo. Anthu awiri tinkatumikira ulemu wa munthu mmodzi, ndipo amene analipira ndi thupi lake ndi uja sanalakwe kanthu. Ndinaika kapu pansi n'kutuluka panja. Ndinakaima kuseri kwa wodi, anthu akudutsa ndi mabeseni awo, ndikulira ngati mwana.

Chifuwa sichinapole. Anamwalira Lachiwiri m'mawa, tinawaika tsiku lomwelo dzuwa litapendeka monga mwa chipembedzo chathu. Achimwene anafika patatha masiku anayi. Atachokera kumanda analowa m'chipinda chija, ananyamula kapeti, anaona mng'alu ndi simenti yanga yomata. Anagunda m'munsi mwa khoma ndi nsapato, nsapatoyo inalowa. Anandifunsa funso limodzi lokha, loti kodi ndinkadziwa. Ndinavomera. Anatenga chikwama chawo n'kukagona kwa msuweni wathu, ndipo kuchokera tsiku limenelo sanandiimbirenso. Akafuna kudziwa za manda kapena za sadaka amaimbira akazi anga.

Sindibisa, nthawi zina amandiwawitsa mtima. Munthu amene m'zaka zisanu ndi ziwiri anawaona ababa kwa sabata imodzi yokha, lero ndiye woweruza. Amandiwawitsanso mtima anthu aja ankalowa awiriawiri n'kumayamikira, amene lero akuti ife tinkaona kale kuti nyumba ya makatoni ija idzapha munthu. Palibe mmodzi mwa iwo ananena zimenezo mpunga uli m'mbale. Koma ndikakwiya n'kufika pamapeto, ndimapeza kuti onsewo sanagwire shovelo, ndiponso palibe wa iwo amene akazi anga anamuonetsa chala chitalowa m'khoma.

Chipindacho ndinachigwetsa mvula itatha. Sichinavute. Mapanelo m'munsi anali ofumbwa mpaka m'bondo, chiswe chitaboola njira zake m'kati mwa fomu kukafika kudenga. Konkire ndinamuswa ndi khasu wamba, ankangonyenyeka ngati chigumu. Pansi pake panali matope akuda onunkha, ngakhale kunja kunali kutauma.

Ndinapita kwa Che Saidi kukapepesa chifukwa cha mawu aja. Anandilandira pakhonde, anandithirira tiyi. Anati iwo anandikhululukira kalekale, koma sakudzikhululukira okha, chifukwa anasunga mkwiyo wa mawu anga mpaka analephera kulowa m'chipindamo kukaona mmene mnzawo akugonera. Choncho chipongwe changa chinatsekanso pakamwa pa munthu yekhayo amene akanawapulumutsa. Akazi anga sananditonzepo, koma masiku ano akaona chinthu cholakwika pakhomo sandiuzanso, amangoitana mmisiri okha. Zimenezo ndimaziona.

Ntchito ndikugwirabe pa loji pomwe paja. M'mawa uliwonse ndimadutsa pa tizipinda tija, ta mapanelo omwewo, tomangidwa chaka chomwecho, pa nthaka imene mvula yake ndi yomweyo. Pansi pake ndi pouma, alendo amayenda opanda nsapato, zitseko zimatsekeka ndi chala chimodzi. Vuto silinali mapanelo. Anzanga amandifunsa chifukwa chimene ndimapempha kuti ntchito za m'tizipindamo azipatsa wina, ndipo ndimangoti msana.

Tsono inu owerenga, makamaka inu amene mwayamba kukopeka ndi kamangidwe katsopanoka, ndikukupemphani. Musanyengedwe ndi kupepuka kwa khoma kapena kufulumira kwake. Yambani mwadziwa nthaka yanu, ndipo ngati ndi makande kumbani mpaka mupeze polimba. Kwezani maziko kuti thabwa likhale kutali ndi madzi, ndipo lisagundane ndi simenti popanda chotchinga. Mwala, mankhwala a chiswe, pulasitiki ndi fomu ya pansi musazione ngati zotaya chifukwa choti alendo sadzaziona. Zinthu zimenezo mumaika kamodzi kokha, konkire akauma mwayi watha, ndipo penti kapena kapeti sizingalowe m'malo mwake. Ngati nthawi yachepa, lekani, munthu apitirize kugona pabalaza. Ababa anagona pabalaza panga chaka chathunthu osatsokomola.

Mmisiri wachikulire akakuuzani kuti dikirani, musamuyankhe monga ndinayankhira ine. Mayi a kunyumba akakuonetsani ponyowa, musawatengere kwa wodwala kuti akawatsutse. Ndipo ngati mukumangira kholo lanu, dzifunseni moona mtima ngati mukumangira iwo kapena maso a abale anu. Ine funso limeneli ndinadzifunsa nditaima kuseri kwa wodi, nthawi itatha kale.

Chomaliza ndi ichi. Kholo limene limakukondani musamalifunse ngati lili bwino, chifukwa lidzakuuzani kuti lili bwino mpaka tsiku limene mudzalinyamule. Lowani m'chipinda chawo m'mawa mvula itagwa, vulani nsapato, nyamulani mkeka, mugwire pansi ndi dzanja lanu. Mukapeza ponyowa, atulutseni tsiku lomwelo, anthu aseke mmene angasekere.